Lipoti la Kupolisi ndi Zikalata za Boma: Kodi Zili pa Intaneti?

[NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

MUULUTSI: Lero tikambirana za mapepala, mapepala aja amene boma limasunga, amene tsiku lina munthu umawafuna mwadzidzidzi n'kusowa poyambira.

Masiku ano munthu amatumiza ndalama pafoni, amagula magetsi pafoni, amalipira fizi ya mwana pafoni. Ndiye ambiri akufunsa: kodi lipoti la kupolisi silingapezekenso pafoni pomwepo? Nanga chigamulo cha khothi? Nanga umboni wakuti kampani imene ikundilonjeza ntchito kunja ndi yolembetsedwadi?

Ndiyankhe mosazungulira. Kuno ku Malawi lipoti la kupolisi mumakalitenga nokha kupolisi, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake ine ndimaona kuti mbali yaikulu ya mapepala a polisi iyenera kukhalabe yotsekedwa. Koma zikalata zina zambiri za boma zili poyera pa intaneti, zaulere, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene amaziwerenga ndi maloya, atolankhani ndi ophunzira a kuyunivesite basi, pamene eni ake ndi tonsefe.

Tiyambe ndi polisi. Munthu akati "ndikufuna lipoti la kupolisi," angakhale akunena mapepala osiyana kwambiri, ndipo ambiri amavutika chifukwa chosawasiyanitsa.

Mukafika pakauntala ya polisi kudzadandaula, wapolisi amalemba nkhani yanu m'buku lalikulu lija amalitcha OB. M'menemo mumalembedwa tsiku, nthawi, dzina la wodandaula ndi chimene chachitika mwachidule. Bukulo ndi la polisi, simutuluka nalo, koma nkhani yanu imapatsidwa nambala. Omvera, nambala imeneyi musachoke osaifunsa. Ilembeni papepala, ilembeninso m'foni, pamodzi ndi dzina la polisiyo, tsiku, ndi dzina la wapolisi amene wakuthandizani. Pakapita miyezi, wapolisi uja atasamutsidwa, nambalayo ndi imene idzakulankhulireni.

Kenako pali kalata imene apolisi amalemba yotsimikiza kuti munakanena za katundu wotayika kapena wobedwa. Imeneyi ndi imene anthu ambiri amaitcha lipoti la kupolisi. Mwataya chiphaso cha unzika, pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto kapena satifiketi ya sukulu. Ofesi yopereka china imafuna kuona kaye kalatayo. Kalatayi sinena kuti apolisi afufuza n'kupeza wakuba ayi. Imangochitira umboni kuti pa tsiku lakuti munthu uyu anabwera kudzanena zakuti. Komabe ili ndi mphamvu, chifukwa wina akadzagwiritsa ntchito chiphaso chanucho pochita zachinyengo, kalatayo ndi imene idzasonyeze kuti panthawiyo chinali chitachoka kale m'manja mwanu.

Palinso lipoti la ngozi yapamsewu, limene a inshuwaransi ndi maloya amafuna asanayambe nkhani ya chipukuta misozi. Ili limachokera ku nthambi ya apolisi a pamsewu amene anapita pamalo a ngozi. Ndipo pali chikalata chosonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa kukhothi kapena ayi, chimene amafunsa olemba ntchito ena ndi maofesi a akazembe mukafuna visa. Chimenechi sichingatheke popanda kudinda zala, ndipo zidindo za zalazo zimayerekezedwa ndi kaundula wa milandu amene amasungidwa kulikulu la polisi ku Area 30 mu Lilongwe. Foni yanu singadinde zala m'malo mwa wapolisi, ndiye wina akakuuzani pa WhatsApp kuti akupangirani chikalatachi inu muli khale kunyumba, dziwiranitu kuti akukupangirani chabodza, ndipo wodzagwidwa nacho m'manja ndinu.

Ena mwa mapepala amenewa amalipiridwa. Mukalipira, funsani lisiti la boma, lija timalidziwa kuti GR. Ndalama yopanda lisiti siilowa m'thumba la boma.

Tsopano pali doketi. Umu ndi mmene muli mtima wa mlandu: masitetimenti a mboni, zimene wonenedwa anayankha, chikalata cha kuchipatala ngati wina anavulazidwa, zolemba za wapolisi wofufuza. Doketi si yoti aliyense aione, ndipo pano ndiyime kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukuti, "Nanga si zinthu za boma ndi za tonse? Aziike pa intaneti tione."

Taganizirani mayi amene wapita ku Victim Support Unit, nthambi ija ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kukanena kuti mwamuna wake akumumenya. Taganizirani mtsikana wogwiriridwa. Taganizirani mboni imene inaona mbava zikuthyola sitolo usiku, mbavazo zikukhala m'mudzi womwewo. Zimene anthu awa anauza apolisi zitati zizipezeka pongolemba dzina pafoni, ndani angapitenso kupolisi? Lamulo losamalira ana la 2010 limaletsa ngakhale kuulutsa dzina kapena chithunzi cha mwana amene akukhudzidwa ndi mlandu kubwalo la ana. Ndipo wonenedwayo naye ali ndi ufulu wake. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa. Kumangidwa si kulakwa. Anthu ambiri amagona m'chitolokosi usiku umodzi n'kutuluka m'mawa mlandu wopanda mutu.

Kuli mayiko kumene anatsegula kwambiri khomo limeneli, ndipo zotsatira zake n'zophunzitsa. Ku United States, m'zigawo zambiri, chithunzi chimene apolisi amajambula munthu akangomangidwa chimatengedwa ngati chikalata cha poyera. Anthu ena ochenjera anayamba kutola zithunzi zimenezi n'kumaziika pa masamba awo a intaneti, dzina la munthu lili pansi pake. Munthu uja khothi lamumasula, kapena mlandu sunafike n'kukhothi komwe, koma akafunsira ntchito, bwana akalemba dzina lake pa Google, choyamba kutuluka ndi nkhope yake ali m'manja mwa apolisi. Akapempha kuti achichotse, eni tsambalo amati lipira kaye. Zinafika poti zigawo zingapo zinapanga malamulo oletsa malonda oterewa, ndipo mu 2018 boma la California linatsegulira mlandu anthu amene amayendetsa limodzi mwa masamba akuluakulu a mtunduwu. Akuluakulu anati mlandu suwola, koma iwo amanena mlandu weniweni. Pa intaneti ngakhale mlandu wonamiziridwa suwola.

N'chifukwa chake ndikupempheni kuti muziwerenga mosamala nkhani zimene aneneri a polisi amatulutsa, zija timaziona pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zakuti apolisi kwakuti amanga bambo wa zaka zakuti, wochokera m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti. Nkhani zimenezi zili ndi ntchito yake, zimatidziwitsa zimene zikuchitika. Koma zimanena za woganiziridwa. Mathero a mlanduwo nthawi zambiri safalitsidwa ndi mphamvu yomweyo. Musanakanize munthu ntchito, nyumba ya lendi kapena ukwati chifukwa cha uthenga wa zaka zitatu zapitazo, fufuzani kuti khothi linati chiyani.

[NYIMBO PANG'ONO]

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu imene tikukambirana za kapezedwe ka malipoti a polisi ndi zikalata za boma. Tafika kukhothi tsopano, ndipo kuno zitseko n'zotsegula.

Mlandu ukachoka m'manja mwa apolisi n'kulowa m'bwalo la milandu, umakhala wa poyera. Aliyense akhoza kulowa kukamvera, kupatula milandu ina monga ya ana. Ndipo chigamulo chikaperekedwa, chimakhala chikalata cha anthu onse. Zigamulo zambiri za High Court ndi za Supreme Court of Appeal zimapezeka pa tsamba lotchedwa MalawiLII. Ndilitchule pang'onopang'ono kuti mulembe: malawilii, ndiye kuti Malawi kenako zilembo L, I, I, dontho, org. Simulipira kalikonse kupatula bandulo yanu, ndipo safunsa dzina lanu.

Pa tsambali pali malo olembapo chimene mukufuna. Mukhoza kulemba dzina la mmodzi mwa otsutsana pamlandu, nambala ya mlandu ngati mukuidziwa, dzina la jaji, kapena nkhani yake. Milandu yaupandu imalembedwa kuti Republic kutsutsana ndi wakutiwakuti, chifukwa wosuma ndi boma. Mukapeza chigamulo chachitali, musachite mantha ndi masamba. Werengani koyambirira kuti mudziwe amene akutsutsana ndi chimene akukanganirana, kenako dumphani mupite kumapeto kumene jaji amanena zimene walamula. Mukafuna zifukwa zake, ndiye mubwerere pakati.

Chitsanzo chimene tonse tikuchikumbukira ndi cha pa 3 February 2020, pamene majaji asanu a bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, motsogozedwa ndi Jaji Healey Potani, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Dziko lonse linakhala pawailesi tsiku lathunthu kumvera. Chigamulocho, cha masamba pafupifupi 500, chili pa intaneti, pamodzi ndi cha Supreme Court of Appeal cha pa 8 May chaka chomwecho chimene chinagwirizana nacho. Mpaka lero anthu amakangana m'mabawo ndi m'minibasi kuti majaji anati chakuti, sanati chakuti. Mawu awo enieni alipo, aliyense akhoza kukawaona.

China ndi cha ku Msundwe. Mu August 2020, High Court inagamula mokomera amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anadandaula kuti anagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi apolisi mu October 2019, ndipo inalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Ndikutchula mlandu umenewu pa zifukwa ziwiri. Umasonyeza kuti ngakhale doketi ndi yotsekedwa, zochita za apolisi sizibisika kwamuyaya. Zimatulukira kukhothi ndi m'malipoti a mabungwe monga Malawi Human Rights Commission, imene inafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti lake poyera. Komanso mukaona mutu wa mlanduwo, mupeza kuti wodandaula analembedwa ndi zilembo zoyambirira za dzina lake zokha. Dziko linadziwa chimene chinachitika, amayiwo osayalutsidwa. Umu ndi mmene chikalata cha poyera chiyenera kukhalira.

Koma pali malire awiri amene ndiyenera kukuuzani. Milandu yambiri ya anthu wamba, ya kuba mbuzi, ya ndewu, ya ngongole zazing'ono, imathera kwa majisitireti, ndipo zigamulo za kumeneko n'zochepa kwambiri zimene zimafika pa intaneti. Ndiye mukalemba dzina la munthu osapeza kanthu, sizitanthauza kuti sanaimbidwepo mlandu. Chigamulo cha kwa majisitireti mumakachipempha kwa mlembi wa khothi limene linazenga mlanduwo, mutatenga nambala ya mlandu. Mukapezanso dzina, kumbukirani kuti a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi ochuluka m'dziko muno. Onetsetsani kuti ndi munthu yemweyo musanatsegule pakamwa.

Malire achiwiri ndi chilankhulo. Zigamulo zonsezi zili m'Chingerezi, Chingerezi chake cha maloya. Ichi chimandiwawa, chifukwa ufulu wowerenga chinthu chimene sungachimve ndi ufulu watheka. Agogo amene analandidwa munda, mlandu wawo n'kufika mpaka ku High Court, sangathe kudziwerengera okha mawu amene jaji ananena za munda wawo. Pakadali pano thandizo lili kwa a Legal Aid Bureau, amene ndi maloya a boma othandiza osauka, kwa alangizi a zamalamulo aja timawapeza m'makhothi, kupolisi ndi kundende, ndi kwa inu achinyamata amene munapita kusukulu. Mukatsitsa chigamulo pafoni, khalani pansi ndi mwini nkhaniyo mumumasulire mawu ndi mawu, osawonjezera zanu.

Pa MalawiLII pomwepo pali malamulo a dziko lino. Wantchito amene wachotsedwa popanda chifukwa akhoza kudziwerengera lamulo la ntchito. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akufuna kumulanda nyumba akhoza kupeza lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, limene limanena poyera kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Palinso makope a Gazeti ya boma, mmene mumatuluka zidziwitso zovomerezeka.

Zina ndingozitchula mothamanga. Malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mmene ndalama za boma zayendera, amatulutsidwa poyera, ndipo ena amanena za makhonsolo, khonsolo iliyonse payokha. Mukafuna kudziwa chimene chinachitikira ndalama za mlatho wa kwanu, yambirani pamenepo. Ofesi ya Ombudsman imaika malipoti ake pa tsamba lake. Lija la 2016 la mathirakitala amene anagulidwa ndi ngongole yochokera ku India, n'kuthera m'manja mwa anthu ena m'malo mwa alimi ang'onoang'ono, linatuluka nthawi imene mayi Martha Chizuma anali Ombudsman. Reserve Bank of Malawi imatulutsa mayina a mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amene ali ndi chilolezo, ndipo Malawi Law Society imatulutsa mayina a maloya ololedwa kugwira ntchito chaka chimenecho. Musanapereke ndalama zanu kwa kampani yachilendo, funsani nambala yake yolembetsera n'kuitsimikiza ku ofesi yolembetsa makampani.

Za malo ndiye musadalire foni. Munthu akakutumizirani chithunzi cha chikalata cha puloti, chithunzicho si umboni. Pitani nokha ku ofesi ya za malo, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukapemphe kuti akuonereni m'kaundula mwini wake weniweni ndiponso ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki. Ngati ndi malo a makolo, kaundula wake woyamba ndi amfumu ndi anthu oyandikana nawo. Ambiri alira atagula puloti imene inagulitsidwa kale kwa anthu atatu.

[NYIMBO PANG'ONO]

MUULUTSI: Nanga chikalata chimene mukufuna chikakhala kuti pa intaneti palibe, ku ofesi nako akungokuuzani kuti bwerani mawa? Apa ndi pamene pali lamulo limene ndikufuna aliyense womvera alidziwe.

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwatsatira mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza zimene boma likusunga. Koma kwa zaka zoposa 20 panalibe lamulo lofotokoza kapemphedwe kake. Atolankhani ndi mabungwe omenyera ufulu analimbana nalo nthawi yaitali. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Access to Information Act mu December 2016, Pulezidenti Peter Mutharika analisaina mu February 2017, koma linakhalabe m'kabati mpaka pa 30 September 2020 pamene linayamba kugwira ntchito.

Lamuloli limati ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo polisi, makhonsolo ndi makampani a boma, ikhale ndi munthu wosankhidwa kulandira mapempho a anthu ofuna zikalata. Mumalemba pempho lanu kwa iyeyo. Amene satha kulemba, kapena ali ndi ulumali womulepheretsa, akhoza kupempha pakamwa, ndipo ndi udindo wa ofesalayo kulemba pempholo. Ofesiyo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni. Kupempha sikulipiridwa, chimene angakulipiritseni ndi mtengo wokopera mapepala. Akakana ayenera kunena chifukwa chake, ndipo mukhoza kupempha kuti mkulu wa ofesiyo aunikenso. Zikakanikabe mumapita ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, kenako kukhothi.

Luso lili pa kalembedwe ka pempholo. Mukalemba kuti "ndikufuna zonse zokhudza chitukuko cha m'dera lathu," mwawapatsa mpata wokuzungulitsani. Tchulani chikalata chenicheni. Nenani kuti mukufuna kope la mgwirizano wa pakati pa khonsolo ndi kontilakitala amene anamanga midadada iwiri pasukulu yakuti m'chaka chakuti, ndi mapepala osonyeza ndalama zimene analipidwa. Lembani makope awiri, lina adinde chidindo cha tsiku limene alandira, mubwerere nalo kunyumba. Masiku 15 aja amawerengedwa kuchokera pamenepo. Ngati mwatumiza pa imelo, sungani uthengawo.

Lamuloli sikuti limatsegula chilichonse. Limateteza zinsinsi za munthu payekha, za chitetezo cha dziko, ndi zimene zingasokoneze kafukufuku wa mlandu kapena kuika moyo wa wina pachiswe. Ndiye doketi ya mlandu wa mnansi wanu simuipeza ndi lamuloli. Koma mukhoza kufunsa apolisi kuti m'boma lanu munalembedwa ngozi zingati zapamsewu chaka chatha, kapena mitengo yovomerezeka ya zikalata zimene amapereka. Ngati dandaulo lanu ndi lokhudza khalidwe la wapolisi, pali Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la polisi la 2010.

Kunena zoona, si ofesi zonse zimene zinazolowera lamuloli. Kuli kumene mukalitchula amakuyang'anani modabwa. Chizolowezi chobisa zinthu za boma chinamera mizu kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo sichingazulidwe ndi siginecha imodzi. Chidzatha pamene mapempho azifika ochuluka, ochokera kwa alimi, amayi a pamsika ndi makomiti a sukulu, mpaka ofesala aliyense adziwe kuti kuyankha ndi mbali ya ntchito yake.

Tsopano mawu pang'ono kwa abale athu amene mukutimvera muli kunja, poyamba inu a ku Joni. Ku South Africa mukatsegula mlandu kupolisi mumapatsidwa nambala yotchedwa CAS, ndipo kawirikawiri imabwera pa uthenga wa pafoni. Uthengawo musaufufute. Ngozi yapamsewu iyenera kunenedwa kupolisi pasanathe maola 24. Chikalata chosonyeza kuti mulibe mlandu chimakonzedwa ku Pretoria mutadinda zala kupolisi, ndipo tsamba la apolisi a dzikolo lili ndi malo oonera ngati chatuluka. Nawonso ali ndi lamulo lopemphera zikalata, la chaka cha 2000, ndipo zigamulo za makhothi awo zili pa tsamba la SAFLII, laulere ngati lathu lija.

Inu a ku Britain, chikalata cha polisi chofunika popita kudziko lina chimapemphedwa pa intaneti ku ofesi yotchedwa ACRO. Tsamba la police.uk limasonyeza pamapu milandu imene yachitika m'dera lanu, koma popanda mayina a anthu. Companies House imalola aliyense kuona kwaulere eni kampani ndi ngati kampaniyo ikugwirabe ntchito. Izi zingathandizenso inu amene muli kuno kumudzi. Wina akakulonjezani ntchito ku Britain n'kumakuuzani kuti mutumize ndalama, lembani dzina la kampaniyo pa tsamba la Companies House, kenako muone ngati ili pa mndandanda wa mabwana ololedwa kulemba ntchito anthu akunja, umene boma la Britain limaika pa tsamba lake la gov.uk. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ikhoza kupulumutsa ndalama zimene banja lagulitsira munda. Koma samalani, akathyali ena amabera dzina la kampani yeniyeni; imbirani kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene akupatsani iwowo.

Akathyali amenewa atenga malo ambiri pa nkhani ya zikalata. Mukalemba pa Google kuti mukufuna mbiri ya milandu ya munthu, pamatuluka masamba okongola olonjeza kukupatsani zonse mukalipira. Ambiri mwa iwo amatola za ku America, za kuno alibe, ndipo chimene akufuna ndi nambala ya khadi lanu la kubanki. Yang'anani adiresi ya tsamba. Masamba a maunduna ndi nthambi zambiri za boma lathu amathera ndi gov dontho mw, a South Africa ndi gov dontho za, a Britain ndi gov dontho uk. Ndipo munthu amene akuti ndi wa boma akakuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba kuti akufulumizitsireni chikalata, dulani foniyo.

Zikalata zabodza nazo zachuluka. Kalata ya mutu wa polisi, ya chidindo ndi siginecha, munthu wodziwa kompyuta amaipanga pa ola limodzi. Mukalandira m'gulu la WhatsApp chikalata chonena kuti wakuti akufunidwa ndi apolisi, kapena boma lalamula zakuti, kachifufuzeni kaye pa tsamba la ofesi imene akuti yachitulutsa, kapena imbani foni kupolisi ya pafupi. M'dziko muno anthu aphedwapo ndi gulu chifukwa cha mphekesera. Kutumiza uthenga kwa anthu 200 kumatenga kamphindi, koma kuubweza sikutheka. Tili ndi lamulo la 2016 loona za milandu ya pa intaneti, ndi lina la 2024 loteteza mbiri ya munthu, limene woyang'anira wake ndi MACRA. Ngakhale chikalata chikhale chenicheni, ngati muli nambala ya chiphaso cha munthu, nambala ya foni kapena dzina la mwana, phimbani zimenezo musanachionetse kwa ena.

Nditsirize ndi inu amene mukufuna zakale: mlandu wa malire a ufumu umene unazengedwa nthawi ya atsamunda, kapena mbiri ya agogo amene anagwirapo ntchito m'boma. Zoterezi zili ku National Archives ku Zomba, kumene kunayamba kusungidwa zikalata za boma mu 1947. Zambiri mwa izo zikadali pamapepala, ndiye ulendo wa ku Zomba simungauzembe. Musananyamuke, alembereni kapena aimbireni kuti mudziwe zofunika kubweretsa, ndipo mupite mukudziwa dzina la boma, dzina la mfumu ndi zaka zimene nkhaniyo inachitika, chifukwa mafailo akale anasanjidwa potsatira maofesi ndi maboma, osati mayina a mabanja. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unatentha likulu la boma la atsamunda ku Zomba komweko, ndipo mapepala ambiri a zaka za m'mbuyo mwake anapsera momwemo. Ngati nkhani yanu ndi ya nthawi imeneyo isanafike, kafunseninso kumamishoni akale monga Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi Likoma, chifukwa amishoni ankalemba okha mabuku a ubatizo ndi a maukwati.

Nthawi yatithera, omvera. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]